Phazi la a Sisitala Adams

Tiwonge ndi Vitumbiko, za zaka zanga zosoka nsapato pa msika wa Mzuzu ndinalemba kale, ndipo zambiri munaziona ndi maso anu. Pano ndilemba za ku Cape Town, kumene munkangomva pa foni kuti zonse zili bwino. Ndikulemba m'Chichewa chifukwa ana anu a ku Lilongwewo Chitumbuka amachidziwa popempha chakudya basi. Iwe Vitumbiko, pa Khirisimasi unapeza m'bokosi langa kalata ya Chingerezi yondiyamikira, yosokedwa pamodzi ndi chikatoni chakuda. Unafunsa sizasi kuti udule chikatonicho, kalatayo uiike m'fulemu, ndipo ndinakukalipira pamaso pa mkazi wako. Pepa. Mwakhalanso mukufunsa chifukwa chake ndinabwerera kumudzi chipinda chakumbuyo chisanafoleredwe. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi.

2008

Ndinafika ku Masiphumelele, komboni ina ya ku Cape Town, chakumapeto kwa chaka, ndili ndi zaka 51, zipolowe zothamangitsa alendo zitangozizira. Mnzanga wa ku tchalitchi anandipatsa malo m'kanyumba kake ka malata, nandipezera ganyu wa m'munda wa maluwa ku Noordhoek. Ntchito imeneyo sinali yanga. Maluwa ndinkawazula, udzu n'kuusiya. Tsiku lina ndinaona jombo ya abwana itakanuka pansi, itatayidwa pafupi ndi bini. Ndinaisoka nthawi ya nkhomaliro ndi singano imene ndinabwera nayo kuchokera kwathu. Abwanawo ataiona anati, "Iwe ukuononga maluwa anga pachabe," nanditengera pa galimoto ku Fish Hoek, ku kasitolo kogulitsa matenti, zikwama ndi jombo za anthu okwera mapiri.

Mwini wake anali mzungu wachikulire, wamtali, wamawondo osweka ndi mapiri, amene aliyense ankamutchula kuti Oom Pieter. Oom m'chinenero chawo ndi ngati kunena kuti amalume. Sanandifunse za mapepala a sukulu. Anavula nsapato yawo, naika phazi pa kampando, nati, "Tandiuza, ukuona chiyani?" Ndinati phazi lawo ndi lotambalala kutsogolo, ndipo nsapato imene avala ikuwafinya kachala kakang'ono. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ubwere Lolemba," anatero.

2009 mpaka 2014

Zimenezi ndizo zinali zaka zabwino, ngakhale nthawi imeneyo sindinkadziwa. Ogwira ntchito tinali awiri. Pa kauntala panali a Mai Phiri, mayi wa ku Harare amene agogo awo anachokera ku Dedza, ndipo Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chishona. Ine ndinali kumbuyo ndi makina osokera, koma munthu akafuna jombo ankandiitana.

Oom anali ndi njira yake yoyezera phazi, ndipo sankalola kudumpha ngakhale chimodzi. Munthu akabwera m'mawa ankamubweza kuti abwere masana, chifukwa phazi limatupa dzuwa likapendeka. Tinkamuveka masokosi okhuthala, kumuimika pa chikatoni, ine n'kugwada, kujambula phazi lonse ndi pensulo. Pa chikatonipo ndinkalemba dzina lake, saizi yake, ndi zimene ndaona: chala chopindika, chidendene chopyapyala, phazi lina lalikulu kuposa linzake. Kenako tinkamuveka jombo, kumusenzetsa chikwama cha mchenga, ndi kumutsitsa kangapo pa thabwa lotsetsereka limene Oom anakhoma yekha pakona. "Phiri silipweteka pokwera, Mhango," ankatero. "Limapweteka potsika. Zala zikagunda kutsogolo pa thabwa langali, ku phiri zikhadabo zikachoka." Nchifukwa chake jombo tinkapereka yokulirapo kuposa nsapato imene munthu amavala masiku onse. Zikatonizo tinkazisunga m'mabokosi, ndipo munthu akabweranso patatha zaka zisanu tinkamutulutsira phazi lake. Ena ankaseka, ena ankatenga chithunzi.

Mavuto analipo. Katundu ankachedwa ku doko miyezi, mashelefu n'kukhala pululu, Oom akutukwana pa foni m'Chiafirikansi. Magetsi akazima ndinkasoka matenti pamanja mpaka zala kuchita dzanzi. Nyengo yamvula tinkatha tsiku lathunthu osaona munthu, a Mai Phiri akuluka chipewa, ine ndikupaka mafuta makina amene ndawapaka kale dzulo. Koma mwezi ukatha malipiro ankabwera, ndipo ndi jombo zimenezo munaphunzira nonse awiri, njerwa za nyumba ya ku Ekwendeni n'kuotchedwa. Ndinalinso ndi dzina. Anthu ankalowa n'kufunsa kuti, "Ali kuti bambo wa ku Malawi woyeza mapazi uja?" Ndisabise, ndinkamva kukoma.

2015

Chaka chimenecho kuseri kwa phiri kunatsegulidwa sitolo ya anthu a kutsidya la nyanja, yogulitsa zonse zimene ife tinkagulitsa ndi zina zimene sitinazionepo. Ine ndi a Mai Phiri tinkangoitchula kuti Chimsitolo. Ndinapitako Lamlungu lina nditatuluka m'tchalitchi, kukaona chabe. Kukula kwake ngati bwalo la mpira lofolera, matenti atamangidwa m'katimo, jombo zitapachikidwa mpaka kudenga. Mtengo wa jombo kumeneko unali wosafika theka la wathu. Achinyamata ogulitsa anali aulemu ndithu, sindingawanamizire. Ndinakwera takisi n'kubwerera kunyumba.

Oom anati tisaope, anthu athu sangatisiye. Ndipo poyamba zinkaoneka ngati zoona, chifukwa anthu sanasiye kulowa. Chimene chinasiya ndi kugula. Munthu ankabwera masana monga mwa lamulo lathu, ine n'kugwada, kujambula, kumutsitsa pa thabwa, ola lathunthu. Kenako ankati, "Ndikaganize kaye," n'kujambula ndi foni saizi ya pa bokosi, n'kutuluka. Onse ankakaganizira ku Chimsitolo. Ena ankabwera ndi matenti ogula kumeneko kuti ndiwasokere zipi, n'kumandiuza mosangalala kuti agula motchipa bwanji.

Ndinauza Oom kuti tisamayeze munthu amene sagula. Anakana. "Phazi ndi la mwini wake, Mhango. Tiyeza aliyense." Zinali zosavuta kwa iwo kunena, popeza maso awo anali atayamba kuchita khungu ndipo ankangokhala pa mpando. Ogwada anali mawondo anga. Chaka chisanathe tinasiya kutsegula Lolemba, ndipo nane ndinasiya kutumiza ndalama za malata.

2016

Tsiku limene ndikufuna mulidziwe linali Lachisanu, mphepo ikuponya mchenga pa zenera. M'mawa mwake Oom anali atauza a Mai Phiri kuti azibwera masiku atatu okha pa sabata. Mayi aja ankalera adzukulu awiri ku Harare. Sanalire, anangopita kukatsuka makapu amene anali otsuka kale. Ine pofika chakumadzulo ndinali nditagwadira anthu anayi, ndipo onse anapita kukaganiza.

Wachisanu anali mayi wamfupi, wonenepa pang'ono, wovala yunifolomu ya unesi. Anati dzina lake ndi Sisitala Adams, amagwira ntchito pa kiliniki ina ku Ocean View. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo amayi anzawo a ku tchalitchi anawakakamiza kuti apite nawo ulendo wa masiku asanu woyenda pansi m'mapiri a m'mphepete mwa nyanja, kuti mtima utsike. Anali asanakwerepo phiri chibadwire.

"Bambo Mhango, ine sindikunamizani," anatero akuseka. "Pano sindigula. Mitengo yanu ndi ya madokotala, osati ya manesi. Ndikagula ku sitolo yaikulu ija. Koma aliyense akuti wodziwa phazi ndi inu, ndiye ndati ndibwere mundithandize."

Anthu anayi aja anandinamiza ndipo ndinawapirira. Mayi uyu ananena zoona, ndipo ndi iye amene ndinamupsera mtima. Mpaka lero sindimvetsa. Ndinachita zonse monga mwa nthawi zonse: masokosi, chikatoni, pensulo, chikwama cha mchenga, thabwa. Ankatsika pa thabwapo akuseka ngati mwana wa sukulu, akufunsa ngati ku mapiriko kuli njoka. Nsapato za kuntchito ankavala 6, koma jombo imene inawakhala bwino inali 7. Tsono Chimsitolo chinkagwiritsa ntchito manambala a kwawo, osiyana ndi athu. Iwo anati, "Manambala awo aja ine sindiwamva. Tandilemberani pa kapepala nambala yoti ndikanene." Pa chikatoni ndinalemba zoona: 7, kwawoko 41. Pa kapepala kamene ndinatenga pa kauntala ndinalemba 39.

Ndinkadziwa chimene ndikuchita. 39 ndi saizi ya nsapato zawo za masiku onse. M'sitolo, pa kapeti, m'mawa, ndi masokosi opyapyala, ikanawakwana bwinobwino, ndipo palibe akanakayika. Sindinganene kuti Satana anandigwira dzanja, dzanjalo linali langa. Mumtima ndinkati, akaone kuti jombo si tomato wongotola pa mulu. Anandithokoza kawiri, nandisiyira maswiti a timbewu pa kampando.

Patatha mwezi anabwera atavala patapata, mapazi onse awiri atakulungidwa mabandeji. Anati tsiku loyamba linali bwino. Tsiku lachiwiri, potsika, zala zinayamba kuyaka moto, koma anapirira chifukwa sanafune kuchedwetsa anzawo. Tsiku lachitatu povula masokosi anapeza magazi okhaokha, ndipo anzawo awiri anasiya ulendo kuti awatulutse kukafika ku msewu. Zikhadabo zinayi zinachoka. Kuntchito anajomba masabata awiri. Jombozo anaziponya mu bini pomwepo pa msewu.

"Ndinagula nambala yeniyeni imene munandilembera," anatero. "Ndiye vuto ndi jombo zawozo. Ndikanangomvera anthu, n'kugula kwa inu."

Oom anadzuka pa mpando ngati wachinyamata. Sanafunse kuti nambalayo inali chiyani, chifukwa kwa iwo Mhango akayeza ndiye wayeza. "Mwamva?" anafuula, ngakhale m'sitolo munalibe wogula wina. "Saizi yolondola, jombo yachabechabe!" Ine ndinali nditaima pafupi ndi thabwa. Ndinkayembekeza kuti mawu atuluka okha. Sanatuluke. Ndinangoti pepani kwambiri, Sisitala, ndipo iwo anandigwira paphewa kundilimbitsa mtima.

Atachoka, a Mai Phiri anabwera kumbuyo kumene ndinkasoka, natseka chitseko. "Mukoma," anatero motsitsa mawu, kunditchula achimwene m'Chishona, "kapepala kaja munatenga pa kauntala yanga. Ndinaona. Munalemba 39." Ndinawafunsa ngati akauza Oom. Anayankha kuti, "Ini? Ndikanene kuti chiyani, kuti atseke mawa? Zvakaoma, a Mhango. Zovuta izi. Koma Mulungu waona." Sitinakambenso nkhaniyo.

2017 ndi 2018

Chowawa kwambiri n'chakuti bodza langa linagwira ntchito. A Sisitala atachira anasunga ndalama nadzagula jombo kwa ife. Ndinawapatsa 7, ndipo sanadziwe kuti 7 si 39. Anabwereza ulendo uja naumaliza, natibweretsera chithunzi chimene Oom anachikhoma pakhoma. Kuyambira pamenepo anakhala mlaliki wathu. Anatumiza manesi anzawo, amayi a ku tchalitchi, aphunzitsi, ndipo aliyense ankafika atamva kale za zikhadabo zinayi. Oom naye ankaifotokoza nkhaniyo kwa aliyense wolowa, ndipo chaka chilichonse inkakula. A Mai Phiri anabwezeredwa tsiku limodzi. Ine ndinagula malata a zipinda zakutsogolo.

Mwina mukuganiza kuti ndinkasangalala. Ndinatopa, ana anga. Oom akayamba kuti, "Kunabwera nesi wina pano," ine ndinkapita kumbuyo kukayatsa makina kuti ndisamve. Ku tchalitchi anandisankha kukhala mkulu wa mpingo ndipo ndinakana, ndikunamizira ntchito. A Sisitala ankadutsa pa sitolo mwezi ndi mwezi kudzandiyeza kuthamanga kwa magazi kwaulere, n'kumandikalipira kuti ndichepetse mchere. Chikatoni chawo ndinachichotsa m'bokosi ndi kuchibisa pansi pa makina. Kangapo ndinafuna kuchitentha, koma lamulo la Oom linali lakuti phazi la munthu silitayidwa, ndipo lamulo limenelo lokha ndinalisunga.

Koma manesi ndi amayi a tchalitchi sakanatha kuimitsa Chimsitolo. Anthu anayamba kugula ngakhale pa foni, katundu n'kuwapeza pakhomo. Matenti anatchipa mpaka munthu sankaonanso chifukwa chosoketsa, likang'ambika ankangogula lina. Makina anga ankatha masiku osalira.

2019

Oom anatiuza mu Malichi kuti atseka kumapeto kwa Meyi, apite kukakhala kwa mwana wawo wamkazi. Analira, munthu wamkulu uja, ndipo ine ndinayang'ana kumbali. A Mai Phiri anapeza ntchito ya m'nyumba ku Noordhoek. Ine ndinali ndi zaka 62, mawondo otupa, ndi chipinda chimodzi chopanda denga ku Ekwendeni. Ndani akanalemba ntchito nkhalamba yachilendo?

Sabata yomaliza, mashelefu ali pululu, a Sisitala analowa atanyamula envulopu. Oom anali atapita kukaonana ndi eni nyumba, a Mai Phiri akulongedza kumbuyo. Anati mwana wa mchemwali wawo tsopano ndi woyang'anira mbali ya nsapato ku Chimsitolo, ndipo alankhula naye. "Ndamuuza kuti anthu anu aja anandichotsa zikhadabo, ndiye mulembe munthu wodziwa ntchito. Wavomera kukuonani Lolemba. Mukamupatse kalata iyi." Anandiwerengera okha. Iwe Vitumbiko waiwerenga, ukudziwa zimene zilimo: kuti m'moyo wawo sanaonepo munthu wokhulupirika pa ntchito yake ngati ine.

Zaka ziwiri zokha kumeneko zikanamaliza nyumba, n'kutsalako kena kodyera ukalamba. Ndinaganiza zimenezo, musaganize kuti sindinaganize. Ndinagwira envulopuyo m'manja, ndinathokozanso. Iwo anali atatembenuka kale kuti azipita pamene ndinati, "Sisitala, dikirani." Ndinapita kumbuyo, ndinatulutsa chikatoni pansi pa makina, ndi kuchiika pa kauntala. Ndinawasonyeza pamene ndinalemba 41. Ndinawauza kuti pa kapepala kawo ndinalemba 39, kuti sindinalakwitse, ndinachita dala, ndipo jombo zija zinalibe vuto lililonse.

Sanakuwe. Anayang'ana chikatonicho, phazi lawo lomwe litajambulidwa pamenepo, kenako anakhala pa mpando woyezera. Anamasula nsapato, navula sokosi, naika phazi pa kampando kamene ndinagwadapo zaka khumi. Chikhadabo cha chala chachikulu chinamera chakuda, chokhuthala, chopindikira m'mnofu.

"Ichi chimandipweteka tsiku lililonse ndikaima pa ntchito," anatero. "Zaka zitatu ndakhala ndikunyoza anthu osalakwa. Mwana wa mchemwali wanga ndamuchititsa manyazi pa chakudya cha banja. Ndinakulakwirani chiyani, Bambo Mhango?"

Ndinati palibe. Ndinayamba kufotokoza za anthu anayi aja, za masiku a a Mai Phiri, koma mawuwo ankamveka opusa m'makutu anga omwe, ndiye ndinasiya.

"Mukanangondiuza kuti simundiyeza, ndikanapita," anatero. Anavala sokosi, namanga zingwe pang'onopang'ono. Ndinawabwezera envulopu ija koma sanailandire. "Ndalemba kale, ndipo kwa mwanayo sindikanena kanthu. Ngati mungathe kukaipereka, kaiperekeni." Anatuluka osatsanzika, ndipo sindinawaonenso.

Lolemba ndinavala jekete langa la ku tchalitchi, ndinakwera matakisi awiri mpaka ku Chimsitolo. Ndinafika pakhomo penipeni, pamene zitseko zimatseguka zokha. Zinatseguka, ine nditaima, zinatsekeka, zinatsegukanso. Mlonda anandifunsa ngati ndikudikira munthu. Ndinati ayi, ndipo ndinabwerera ku Masiphumelele. Oom ndinawauza zonse tsiku lotseka. Iwo anati, "Ndiye ine ndanamiza anthu angati, Mhango?" Anandilipira zonse zoyenera, koma pa khomo sanandigwire chanza. Mu Julayi ndinakwera basi yobwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi ndi singano zanga.

Musandiyese munthu wolimba mtima chifukwa ndinaulula. Ndinaulula patatha zaka zitatu, nditadya kale zipatso za bodzalo, ndipo malata amene mumagona pansi pake mukabwera kuno ena anagulidwa ndi zikhadabo za mayi uja. Chipinda chakumbuyo chisiyeni momwemo, amayi anu amaanikamo chinangwa ndipo sadandaula.

Kalata ndi chikatoni ndinazisoka pamodzi ndi ulusi wa nsapato ndisanakwere basi, msoko wa kawiri, umene suthothoka. Ndikadzapita mukafuna kuiwerenga kalatayo pamaso pa anthu, iwerengeni, ndi yabwino ndipo inalembedwa ndi mtima wonse. Koma mukatembenuze, muwasonyezenso phazi la a Sisitala Adams ndi nambala imene ili pamenepo. Vitumbiko, ulusiwo usadule.